WODWAZIKA NAYE AFUNA KUPHUNZITSIDWA ZA KHANSA

Cipatala ca Cancer Diseases Hospital mu Lusaka, cimene malemu Mtsogoleri Levy Mwanawasa anatsegula m'caka ca 2007, cinapatsa odwala khansa mwai wolandira thandizo la makina oocha cotupa m'dziko lao lomwe. Caka ca 2006 manesi anali atayamba kale kupima azimai khansa ya khomo la cibaliro pogwiritsa nchito viniga, ndipo mu 2019 Boma linafalitsa katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 14 m'zigawo zonse. Izi ndi nchito zazikuru. Koma mbali yimodzi yatsalira m'mbuyo, ndiyo kuphunzitsa wodwala pamodzi ndi womudwazika.

Wodwala wocokera ku Chipata ayenda makilomita oposa 500 kuti aonane ndi dotolo, ndipo akabwerera kumudzi amene atsala naye usiku ndi usana ndi mkazi wace, mlongo wace kapena mwana wa sukulu. Munthu ameneyu kawiri-kawiri sanauzidwe kuti mankhwala a khansa amathothola tsitsi, amasanzitsa ndi kufooketsa thupi, ndi kuti tsitsilo lidzameranso. Poona m'bale wao akufooka, acibale amaganiza kuti mankhwala a cipatala alephera kapena kuti pali dzanja la munthu, namtengera kwa ng'anga. Mankhwala akadukizidwa motero, cotupa cimapeza mpata wokulanso. Ena amapatula mbale ndi cikho ca wodwala, cikhalirenico khansa siyambukira mwa kudyera pamodzi, ndipo amene waochedwa ndi makina kunja kwa thupi sakhala woopsya kwa ana ace. Coopsya ceni-ceni ndi cina: mankhwalawa amacepetsa asilikali a m'magazi, kotero kuti thupi likangotentha wodwala ayenera kuthamangira naye ku cipatala tsiku lomwelo, osayembekeza kuti kuce.

Mau otere sacuruka, angakwane pa pepala limodzi. Bvuto ndi lakuti zambiri zolembedwa za khansa ziri m'Cingerezi, ndipo ngakhale zitamasuliridwa, si onse a kumudzi amene awerenga. Apa wailesi iposa kabuku. Radio 1 ya ZNBC imaulutsa mau m'zinenero 7 za dziko lino, ndipo mawailesi a m'madera, monga Breeze FM ku Chipata, amafika kumene nyuzipepala siifika.

Aphunzitsi nao alipo. Bungwe la Zambian Cancer Society linakhazikitsidwa ndi Mai Udie Soko, amene iwo eni anadwala khansa nacira, ndipo mau a munthu wocira amamveka msanga kwa banja lamantha kuposa a dotolo wotanganidwa. Cimene bungwe lodzipereka silingathe palokha ndico kufikitsa uthenga umodzi-modzi ku kiliniki iri yonse ya kumudzi. Nchito imeneyo ndi ya Unduna wa Zaumoyo, umene ungalamule kuti wodwala asaturutsidwe m'cipatala womudwazika asanakhale pansi ndi nesi.