Ku Lesotho kulibe malungo, koma mlendo amapita nawo

Mwezi wa Juni ndinaperekeza azakhali anga ku Lesotho kukaona mwana wawo yemwe amagwira ntchito ku Maseru. Popita tinakwera basi ku Blantyre, kudzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge mpaka Johannesburg, kenako ina yotifikitsa pa chipata cha Maseru Bridge. Tinanyamuka Lamlungu dala, kuti Sabata lisatipeze pamsewu.

Vuto loyamba linali madzi. Azakhali ankakana kumwa poopa kuti basi siima pafupipafupi, ndipo tikufika ku Beitbridge mapazi anali atatupa, nsapato zosalowa. Munthu akakhala malo amodzi maola ambiri osamwa madzi, magazi amayenda pang'onopang'ono m'miyendo ndipo amatha kuundana m'mitsempha. Basi ikaima, tsikani muyendeyende, ndipo muli pampando muzigwedeza zala ndi akakolo. Mwendo umodzi wokha ukatupa n'kumapweteka, musausisite, pitani kuchipatala.

Lesotho wazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse ndipo yense ali pamwamba. Malo ake otsikitsitsa ali mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Thabana Ntlenyana ndi la mamita 3,482, kuposa Sapitwa wathu wa 3,002. M'mwezi wa Juni kumapiri kumagwa chipale chofewa, n'chifukwa chake Abasotho amayenda atafunda bulangete masanasana. Abale athu achi Adventist ali ndi chipatala cha Maluti ku Mapoteng, ngakhale ife sitinakafikeko.

Tsiku lachinayi azakhali anayamba kunjenjemera, mutu kuwawa, thupi kuphwanya. Tonse tinati ndi chisanu. Tinawafunditsa mabulangete awiri, kuwapatsa Panado ndi madzi ofunda a mandimu. Ine amene ndimaphunzitsa za umoyo kumpingo ndinagona usiku wonse osaganizira malungo, poti aliyense ankati kuno kulibe udzudzu wa malungo. N'zoonadi kulibe. Koma zizindikiro za malungo zimayamba pakapita masiku 10 mpaka 15 udzudzu utakuluma, ndipo azakhali anali atangochoka kumudzi ku Chikwawa.

M'mawa ndinawatengera kuchipatala n'kunena ndisanafunsidwe kuti tachokera ku Malawi, dziko la malungo, chonde awayeze magazi. Anapezeka nawo. Dokotala wa dziko lopanda malungo sangayambe waganizira matenda omwe sawaona kawirikawiri, choncho udindo wonena komwe wachokera ndi wa mlendo kapena womuperekeza. Mtundu wa malungo wofala kwathu ukhoza kufika ku bongo m'masiku ochepa ngati munthu achedwa kulandira mankhwala. Amene akumva kale kuphwanya m'thupi ayezetse asananyamuke, ndipo odwala shuga kapena BP asunge mankhwala awo m'kachikwama kapamanja, osati m'katundu wapansi pa basi.

Pobwerera mwana wawo anatigulira matikiti a ndege. Kuchoka pa bwalo la Moshoeshoe I kufika ku Johannesburg ndi ola limodzi chabe, ndipo tsiku lomwelo tinatera ku Chileka. Azakhali anadandaula za makutu kutsekeka, ndinawauza kuti azimeza malovu ndi kuyasamula. Madzi ulendo uno ankapempha okha.