Mphekesera za mipando zatikwana, kambani za malire

Fumbi la chisankho cha pa 16 September 2025 lisanakhazikike n'komwe, andale athu abwerera kale ku ntchito imene amaikonda koposa: kunong'onezana za yemwe adzalowe m'malo mwa mtsogoleri. Ku DPP anthu akuwerengera zaka za a Peter Mutharika, omwe adapambana ali ndi zaka 85 ndipo ali m'chigawo chawo chachiwiri. Ku MCP akufunsana ngati a Lazarus Chakwera apitirize kapena apume, poti adapeza mavoti 33 pa 100 alionse pamene anzawo adapeza pafupifupi 57. Dzina limayamba kuyenda pa WhatsApp usiku. M'mawa mwini dzina ali pa wailesi, akuti iye ndi mwana womvera wa chipani, za mpando sanaziganizirepo. Madzulo anyamata ake ali kumudzi kwa gavanala wa chipani ndi thumba la ufa.

Nyuzipepala ino ikuti izi zatikwana. Sitikunena kuti kufuna utsogoleri ndi mlandu, ayi. Chimene chikutikwiyitsa n'chakuti masewera omwewa adatitayitsa kale chinthu chachikulu, ndipo zikuoneka kuti palibe waphunzirapo kanthu.

Gawo 76 la malamulo aakulu a dziko lino limalamula bungwe loyendetsa zisankho la MEC kudula malire a madera a aphungu mosakondera, kuti chiwerengero cha ovota m'dera lililonse chikhale chofananirako, poganiziranso kuchulukana kwa anthu, mayendedwe, mapiri ndi mitsinje komanso malire a maboma. Lamulo lomwelo linkati ntchitoyi izionedwanso zaka zisanu zisanadutse. Koma malire amene adadulidwa mu 1998, a madera 193, adagwira ntchito pa zisankho za 1999, 2004, 2009, 2014 ndi 2019. Pamene ankadulidwa, Amalawi tidalipo pafupifupi 9.9 miliyoni. Kalembera wa 2018 adatipeza tili 17.5 miliyoni, ena atasamukira m'tauni. Zotsatira zake zidali zochititsa manyazi: phungu wa ku Likoma ankasankhidwa ndi anthu osakwana 10,000, pamene dera limodzi la pakati pa mzinda wa Lilongwe lidali ndi ovota oposa 100,000. Mayi wogulitsa tomato mumzindamo ankadzuka m'bandakucha, n'kuima pamzere mwana ali kumsana mpaka dzuwa kufika paliwombo, osadziwa kuti voti yake ikulemera mochepera kakhumi poyerekeza ndi ya mnzake wa pachilumba. Za Likoma n'zomveka, nyanja siyendeka ndi miyendo. Koma kusiyana kwa mtunduwu kudaliponso pakati pa madera a pamtunda okhaokha.

Zaka zonsezo atsogoleri a zipani adali kuti? Adali pa mipando. A Gwanda Chakuamba ndi a John Tembo ankalimbirana MCP. Mu 2002 dziko lonse lidaima chifukwa cha nkhani yakuti a Bakili Muluzi aimenso kachitatu. Mu 2005 a Bingu wa Mutharika adatuluka UDF n'kuyambitsa DPP, ndipo Nyumba ya Malamulo idatha zaka ikukangana za gawo 65, lokhudza aphungu osintha zipani. Mu 2010 mayi Joyce Banda adachotsedwa mu DPP pa nkhani yomweyi ya wolowa m'malo. Chaka chilichonse chidali ndi mpungwepungwe wake, ndipo malire a voti ankangouzidwa kuti adikire. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ngakhale pamene MEC, motsogozedwa ndi Justice Chifundo Kachale, idayamba ntchito yodulanso malire mu 2021, maso a zipani adali kwina. DPP idali pa mkangano wa a Kondwani Nankhumwa ndi akuluakulu anzawo, ziletso za kukhoti zikusinthanasinthana, mpaka a Nankhumwa adachotsedwa mu January 2024. Mbali ya boma nayo idali pa funso lakuti mu mgwirizano wa Tonse adzaimire ndani mu 2025, funso lomwe malemu Saulos Chilima adalitulutsira poyera mu July 2022. Kumapeto kwa chaka chomwecho aphungu adavomereza malire atsopano: madera 229 m'malo mwa 193, mawodi a makhansala 509 m'malo mwa 462. Chigawo cha pakati chidachoka pa 73 kufika pa 93, cha kummwera pa 87 kufika pa 99, cha kumpoto pa 33 kufika pa 37. Odandaula adalipo, koma madandaulo ambiri adali a mtundu umodzi: bwanji kwathu mwatipatsa ochepa, bwanji mudzi umene umandivotera mwaupereka kwa mnzanga. Tikufunsa zipani zonse: ndi chiti mwa inu chidafotokozera Amalawi momveka kuti dziko lino likufunika aphungu angati, ndipo lingakwanitse kulipira angati?

Funsoli si laling'ono. Mu 1994 tidasankha aphungu 177, mu 1999 tidasankha 193, lero ndi 229. Nthawi iliyonse malire akakhudzidwa, mipando imangowonjezekera. Chifukwa chake sichobisika. Malamulo amati Nyumba ya Malamulo ndiyo ivomereze malire amene MEC yadula, ndipo palibe phungu angakweze dzanja kuvomereza lipoti lothetsa dera lake. Njira yosakhumudwitsa aliyense ndiyo kugawa madera akuluakulu osaphatikiza ang'onoang'ono. Aliyense mnyumbamo amasangalala, wolipira ndi wamsonkho. Aphungu 36 owonjezera ndiwo malipiro 36, maalawansi 36, mafuta ndi ngongole za galimoto 36, m'dziko lomwe wodwala amauzidwa kuchipatala cha boma kuti akagule yekha mankhwala.

Tsopano nkhaniyi yakula kwambiri chifukwa cha thumba la chitukuko la CDF. DPP idalonjeza pa kampeni kuti dera lililonse lizilandira K5 biliyoni pa chaka. Madera 229 ndiye kuti ndalama zoposa K1.1 thililiyoni. Ngati ndalama zikutsata dera osati chiwerengero cha anthu, ndiye kuti mzere umene MEC imajambula pa mapu ndiwo ukugamula kuti mudzi uti upeze mjigo msanga, sukulu iti ikhale ndi denga. Dera la anthu ochepa ndi dera lothithikana alandira mofanana. Mtsogoleri wa chipani amene sakuona kuti malire asanduka ndalama ndiye kuti sakuyenera mpando umene akuulakalakawo.

Zipani zikudzipwetekanso zokha. Zidapita ku zisankho zachipulula za 2025 zili ndi madera atsopano, ena opanda makomiti okhazikika, ndipo m'malo ambiri mikangano idabuka yakuti nthumwi zenizeni ndi ziti. Ogonja mosakhutira adakaima paokha. Pa chisankho cha 2025 aphungu oima paokha adapambana ambiri kuposa a MCP, chipani chimene chidali m'boma. Tikadakhala ife, chimenechi ndicho chikadatisowetsa tulo, osati zakuti ndani wajambulitsa chithunzi ndi ndani pa maliro.

Choncho tikuuza akuluakulu a zipani zonse kuti mphekesera zimakula pamene palibe tsiku. Lengezani tsiku la msonkhano waukulu, lembani poyera kuti ovota ndi ndani ndipo wopikisana ayenera kukwaniritsa chiyani, kenako aliyense atseke pakamwa agwire ntchito imene anthu adamutuma. Wofuna mpando anene yekha masana, asiye kutuma anyamata a pa Facebook kuti azinyoza anzake. Kugawa ndalama kwa nthumwi nakonso kuleke. Lamulo la zipani la 2018 lidabwera kudzathetsa khalidwe logula anthu ndi zoponyeredwa m'manja, ndipo n'zachisoni kuti oyamba kulipeputsa ndi omwe adalipanga.

Kalembera wina akuyembekezeka mu 2028, chisankho chachikulu mu 2030. Nthawi yokambirana za malire ndi ino, pamene palibe akudziwa bwino kuti mzere udzamugwera pati. Aphungu akhazikitse m'lamulo chiwerengero chimene mipando ya m'Nyumba ya Malamulo siyenera kupitirira, komanso mlingo wa kusiyana kwa ovota pakati pa dera ndi dera umene suyenera kudumphidwa kupatula pa malo ngati Likoma. MEC, pansi pa Justice Annabel Mtalimanja, itulutse m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'zilankhulo zina chiwerengero cha olembetsa m'dera lililonse mwa madera 229, ikachipachike kumaofesi a ma DC ndi kumabwalo a mafumu, kuti wovota wa ku Ndirande ndi wa ku Chitipa adzionere okha kulemera kwa voti yawo. Ndipo aliyense amene dzina lake likumveka pa mpando wa DPP, MCP, UTM, UDF kapena AFORD adziwe kuti akadzabwera kwa ife kudzalengeza, funso lathu loyamba lidzakhala la aphungu angati ndi ndalama zowalipira zichokera kuti.