Mfuti za ku Goma sizilira ku Kasumbalesa

Mphwanga atanena kuti akupita ku Kasumbalesa kukagulitsa nyemba, pakhomo pathu pano pa Chisenga panagwa maliro munthu ali moyo. "Ku Congo? Ukufuna tikakutenge uli m'bokosi?" anatero mayi ake. Nditafunsa amene anawauza kuti kumeneko anthu akuphedwa, anandilozera wailesi ndi foni. Mnyamatayo anapitabe, kudzera ku Nakonde, Mpika ndi Ndola. Anawoloka chipata, anagulitsa nyemba zonse, nabwera ndi ndalama za malata. Koma ine mtima sunatsike mpaka lero. Tidzaleka liti kulola mutu wa nkhani kutiweruzira dziko lonse?

Tisanamizane, nkhondo ku Congo iliko, ndipo yatiliza ife tomwe. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 anafera kufupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo anali Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo chifukwa chopulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu Januwale 2025 gulu la M23 linalanda mzinda wa Goma. Koma Congo ndi dziko loti Malawi angalowemo pafupifupi ka 20! Kuchokera ku Goma kukafika ku Lubumbashi, kufupi ndi Kasumbalesa, ndi makilomita oposa 1,000. Nanga mayi wogulitsa tomato pa Kasumbalesa tikumuikiranji m'thumba limodzi ndi zigawenga? Kumeneko si kuchenjera ayi, ndi ulesi wa m'mutu.

N'chimodzimodzi ndi Mozambique. Chiyambire 2017 zigawenga zakhala zikupha anthu ku Cabo Delgado. Komabe feteleza wambiri ndi ena mwa mafuta a dziko lino zimadzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo madalaivala athu amawoloka Zambezi pa Tete tsiku ndi tsiku. Iwo akanamvera mantha athu, bwenzi tikulima ndi chiyani?

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ululu wa bodza limeneli timaudziwa. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu kummwera, mpaka United Nations inachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Nkhaniyo inazungulira dziko lapansi, Malawi yense n'kukhala dziko lopha alendo. Masiku omwewo kuno ku Chisenga amayi ankasinja mawere, ana ankapita kusukulu, anthu ankawolokera ku Zambia kukapepesa maliro a abale awo. Mlendo amene akanasiya ulendo wodzakwera mapiri a Mafinga chifukwa cha za ku Phalombe, tikanamutcha wanzeru? Ngakhale ku Lilongwe alipo onena kuti kutumizidwa ku Chitipa ndi chilango, chikhalirecho sanapondeko phazi. Zimene zimatipweteka akatichitira ena, ife tikuchitiranji anzathu?

Taonaninso tsankho la mantha athu. Mwana akati akupita ku Joni timamuphera nkhuku ndi kumuyimbira nthungululu. Chonsecho mu 2008 ndi mu 2015 boma linachita kutumiza mabasi kukatenga Amalawi amene ankathawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa. Dziko la nyumba zosanjikizana timalikhululukira mwazi, dziko losauka timalipaka mwazi ngakhale m'dera limene kuli bata. Zikuonetsa kuti chimene timaopa si mfuti, koma dzina.

Ofalitsa nkhani nawonso amve. Msika ukatha mwamtendere simulengeza; mumadikira mtembo. Mukamanena za nkhondo, tchulani chigawo, mzinda ndi msewu. Kungoti "ku Congo zavuta" n'kulanda msika kwa mlimi wa ku Chitipa, amene angogulitsa nyemba zake kwa vendala pa mtengo wolira.

Sindikuuza aliyense kuti atseke maso n'kulunjika kumene kukulira mfuti. Safunsa anadya phula. Tengani pasipoti yeniyeni, khalani ndi khadi la katemera, dzerani pachipata chovomerezeka, yendani masana. Koposa zonse, funsani amene wabwerako sabata yatha: dalaivala wa thiraki, mayi wa geni, m'busa wa mpingo. Mufunseni kuti, kwavuta dera liti? Msewu uti? Liti?

Akuluakulu anati mwana wosayenda amayesa mayi ake okha ndiwo odziwa kuphika. Anzanga a ku Chisenga, tili pamalire, ndipo malire ndi khomo. Funsani bwino, konzekani, kenaka nyamukani mukaone ndi maso anu.