Kuchokera ku Madrasa: Tisamusiye Yekha Mayi wa M'chikuta



Mwezi wathawu mtsikana wina wa zaka 11 anajomba ku madrasa kwathu sabata ziwiri. Titafufuza tinamva kuti mayi ake ali m'chikuta, bambo ali ku Joni, ndipo mwanayo ndiye anali kutunga madzi, kuphika ndi kuchapa matewera. Tinapitako ndi mayi a kunyumba kwathu. Ife tinatsala pakhonde, iwo nalowa. Anakapeza mayiyo bere litatupa, thupi likutentha, khanda likumwetsedwa madzi a shuga poganiza kuti mkaka wachepa. Tsiku lomwelo tinawapezera njinga ya ku chipatala ndipo, Alhamdulillah, onse ali bwino. Koma manyazi anatigwira. Pa tsiku lopatsa mwana dzina tonse tinakadya mpunga pakhomo lomwelo, koma panalibe amene anafunsa kuti mayi wadzuka bwanji.

Chipembedzo chathu chinamuchepetsera mayi wotere katundu. Pa nthawi ya nifasi, imene kawirikawiri imatenga masiku 40, ndipo kwa Imam Shafi'i siipitirira masiku 60, iye saswali kapena kusala. Masiku a Ramadhani amadzabweza, koma Swala sabweza. Magazi akasiya msanga amasamba n'kuyamba kuswali. Ngati Allah wamupumitsa, ife ndani kuti timusenzetse ndowa? Surat Al-Baqarah ndime 233 ikutchula zaka ziwiri zathunthu zoyamwitsa, ndipo ndime yomweyo ikuika udindo wa chakudya ndi chovala cha mayi pa bambo wa mwana.

Inu agogo, apongozi ndi achemwali amene mumalowa m'chikuta, dziwani izi. Mwana ayambe kuyamwa mkati mwa ola limodzi atabadwa. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa ayi, umateteza mwana ku matenda, musaufinyire pansi. Kwa miyezi 6 mwana ayamwe bere lokha, osam'patsa madzi, phala kapena mankhwala achikuda, ngakhale kutatentha ngati mu Okutobala ku Mangochi. Uchi asalawe mpaka atakwanitsa chaka. Ayamwe kosachepera ka 8 usana ndi usiku, chifukwa kuyamwa pafupipafupi ndiko kumachulukitsa mkaka. Poyamwa atsegule kukamwa kwambiri, alowetse ndi mbali yakuda yozungulira nsonga ya bere, chibwano chikhudze bere. Akamayamwa nsonga yokha, mayi amachita zilonda ndipo mwana sakhuta. Bere likatupa mwana asasiye kuyamwa. Pamchombo musapakepo phulusa kapena dothi. Mayi amene ali ndi HIV ayamwitse, bola akumwa ma ARV mwandondomeko, monga dziko lathu linakhazikitsira mu 2011.

Thamangirani ku chipatala, ngakhale pakati pa usiku, mayi akamataya magazi ambiri, akatentha thupi, akamatuluka zonunkha, akamamva mutu kwambiri n'kumaona chimbuuzi, kapena akakomoka. Chimodzimodzi mwana akakana bere, akatentha kapena kuzizira thupi, akamapuma mobanika, akachita chikasu, kapena mchombo ukatuluka mafinya. Dua tichite tili m'njira. Ngakhale onse ali bwino, akaonedwe ku chipatala pa masiku amene anamwino anena, ndipo alangizi a zaumoyo akafika pakhomo muwalandire. Mayi akamalira kawirikawiri, osagona, osakondwa ndi mwana, musathamangire kunena kuti imani yake yachepa. Amenewo ndi matenda, ndipo chithandizo chilipo.

Abambo anzathu, musanagulitse usipa kapena utaka wonse padoko, patulani wa mayi woyamba. Muguleni nsinjiro za m'phala ndi masamba, ndipo neti ya udzudzu ikhale pa mayi ndi mwana, osati m'nyanja. Amene muli ku Joni, ndalama za chakudya zitsogole, za phwando zibwere pambuyo.

Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha amayi a mzikiti uliwonse kuti akamva kuti kwabadwa mwana agawane masiku 40 aja: lero uyu atunge madzi, mawa uyo aphike, wina akhale naye pansi kucheza. Imeneyo ndi sadaka yosafuna kwacha, ndipo ana athu aakazi sadzajombanso ku madrasa.

Allah atipatse ana abwino ndi amayi athanzi. Tidzakumanenso m'kope likudzali, Insha Allah. Wassalam.