Kuona Maso a Nkhono n'Kudekha: Za Mtundu Weniweni wa Malenzi a Akatswiri

Aliyense amene adakhalapo m'bwalo la mpira, kaya pa Kamuzu Stadium mu Blantyre kaya pa Bingu National Stadium mu Lilongwe, kapena amene adaonererapo mpikisano wa Olympics pa wailesi yakanema, adawaona ndithu amuna ndi akazi aja okhala chonjuta kuseri kwa golo, atakumbatira makamera a mipope italiitali yonga minsi yosinjira chimanga. Ndipo mutamfunsa munthu woteroyo za mtundu wa mipope imene adaionayo, adzakuyankhani mosazengereza kuti ndi yoyera. Inenso ndidanena chomwecho zaka zambiri, kufikira tsiku lina la mwezi wa Okutobala, pamene mnzanga wina wojambula zithunzi za m'nyuzipepala adabwera kudzandichezera akuchokera ku ntchito, nagoneka lenzi yake yaikulu patebulo pamene padali mapepala anga olembera. Pomwepo maso anga adatseguka. Pepala lidayera mbee ngati ufa woyera umene mayi wauyanika pamphasa, koma mpope uja, umene ndinkauyesa woyera, udaoneka ngati mgaiwa pambali pake: wotuwira pang'ono, wopendekera ku mtundu wa mnyanga wa njovu wokhalitsa, ndipo m'mphepete mwake, momwe manja a mwini wake adakhala akugwiramo zaka zonsezo, utoto udali utanyuka, chitsulo chikusuzumira.

Wina adzati nkhani yotereyi njochepa, yosayenera kudya malo m'nyuzipepala pamene dziko lili ndi milandu ikuluikulu. Ndivomera kuti njochepa. Komatu akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene saona bwino chinthu chaching'ono chili patebulo pake sangadalirike poweruza chachikulu chili patali. Pakuti m'kachinthu kamenekamo muli phunziro la momwe diso limanyengekera, momwe nzeru yobadwa m'kusowa imasandukira chizindikiro cha ulemerero, ndi momwe ife, polemekeza chizindikirocho, timaiwalira ntchito imene chidabadwira.

Tiyambe ndi diso. Diso la munthu silipima mtundu paokha, limaupima poufanizira ndi zimene zauzungulira. Chotero mpope wotuwira, ukakhala pakati pa kamera yakuda bii, mikombero ya mphira yakuda ndi msipu wobiriwira wa bwalo la mpira, dzuwa lili phwee, uyenera kuoneka woyera, monga mwezi uoneka wowala koposa usiku wa mdima ngakhale masana ungokhala ngati kamtambo kofooka. Ojambula okhwima pantchito amachidziwa chofooka chimenechi cha diso, n'chifukwa chake ambiri a iwo amayenda ndi kakhadi kotuwa, kamene kamabweza magawo 18 mwa magawo 100 a kuwala kofika pa iko, kuti akafuna kutchera kamera yao afunse kakhadiko m'malo mokhulupirira maso ao. Ngati mmisiri amene chakudya chake chichokera m'kupenya sakhulupirira diso lake popanda mboni, nanga ife tidzalikhulupirira bwanji?

Tsono tifunse kumene utotowu udachokera. Kampani ya Canon, ya ku Japan, ndiyo idautchukitsa, ndipo malenzi ake oyamba a makamera a zithunzi kuvala mtunduwu adatuluka m'chaka cha 1976, ina ya mamilimita 600, inzake ya mamilimita 800. Chimene chidawakakamiza amisiri a kumeneko chidali dzuwa. Mwana aliyense amene adapondapo msewu wa tala wopanda nsapato m'chilimwe, ndi mayi aliyense amene adagwirapo mphika wakuda wosiyidwa pabwalo masana, adziwa kuti chakuda chimamwa kutentha pamene choyera chimakubweza. Ndipo aliyense amene adagonapo m'nyumba ya malata adamva momwe amalirira dzuwa likakwera ndi pamene likulowa, pakuti chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira n'kubwereranso. M'kati mwa lenzi yaitali muli magalasi oposa khumi, ondandalikidwa motalikirana mwa muyeso wosamalitsa kotero kuti kusuntha kochepa ngati tsitsi limodzi kungathe kufooketsa chithunzi. Ndipo popeza wojambula masewero kapena nyama zakutchire amakhala padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mpope wake wautaliwo uli ngati mbaula, kunali koyenera kuuveka chovala chokana kutentha.

Palinso chifukwa chachiwiri chimene chidalimbitsa mwambowu. Kuwala kukamapyola m'galasi wamba kumagawikana mitundumitundu monga uta wa Leza, ndipo m'lenzi yaitali kugawikanako kumasiya timizere tofiirira kapena tobiriwira m'mbali mwa chinthu chojambulidwacho. Pofuna kuthetsa vutoli, a Canon adaphunzira kuumba m'fakitale mwala woonekera mkati wotchedwa fluorite, umene sugawa kuwala kwambiri, ndipo m'chaka cha 1969 adatulutsa lenzi yao yoyamba yokhala nawo, ya mamilimita 300. Koma palibe mankhwala opanda chizimba chake: mwalawu umamva kutentha msanga kuposa galasi, nufutukuka koposa, motero utoto wokana kutentha udafunika kwambiri. Ichi n'chifukwa chake mkombero wotcherera pa malenzi ambiri aatali umapitirira pang'ono chizindikiro cha kutali kopanda malire, kusiya mpata woti lenzi ikatentha kapena kuzizira itcherekebe bwino.

Nzeru yomweyo yopirikitsa kutentha ndi utoto idafika ngakhale kumwezi. Pamene Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin adatera kumeneko mu Julaye 1969, kamera ya Hasselblad, ya ku Sweden, imene adatuluka nayo kunja idapakidwa mtundu wa siliva, kuti ipirire kutentha ndi kuzizira koopsa kwa malo opanda mpweya aja. Ndipo taonani chinanso chodabwitsa: lenzi iliyonse, ingayere chotani kunja, m'kati mwake ndi mwakuda bii, mopanda kunyezimira konse, pakuti kuwala kosokera kukati kudumphedumphe m'makoma a mpope, chithunzi chimachita nkhungu. Kunja afuna kupirikitsa kuwala, m'kati afuna kukumeza. Mtundu uliwonse udaikidwa pamalo pake chifukwa cha ntchito yake, ndipo uku ndiko kukongola kwenikweni kwa umisiri.

Kutuwira kuja nakonso sikudakhale chimodzimodzi zaka zonse. Malenzi akale a Canon ndi oderapo, opendekera ku mtundu wa dothi la makande louma, pamene a zaka zaposachedwapa ndi oyererapo. Ndipo amene adayesapo kulumikiza chipangizo chakale ku lenzi yatsopano, kapena kufuna utoto wokwirira pamene panyuka, amaona msanga kuti mitundu iwiriyo sigwirizana. M'chaka cha 2018 kampaniyo idatulutsa malenzi a mamilimita 400 ndi 600 opakidwa utoto watsopano, wobweza ngakhale cheza chija cha dzuwa chimene maso sachiona koma khungu limachimva. Apa mpoonekeratu kuti mmisiri safuna kuyera kokondweretsa woonerera. Chimene afuna n'chakuti dzanja likagwira mpope masana liupeze wozizira, ndi kuti magalasi a m'katimo akhale m'malo mwao.

Koma chilungamo chifuna kuti timve mbali zonse, pakuti mlandu suweruzidwa ndi pakamwa pamodzi. Kampani ya Nikon, imene yapikisana ndi Canon zaka makumimakumi, yakhala ikupanga malenzi ake aatali akuda, kupatula ochepa amene inkagulitsanso mu mtundu wotuwa kwa owafuna; ndipo ngakhale m'chaka cha 2013, pamene idaika fluorite m'lenzi yake ya mamilimita 800, idaisiyabe yakuda, ndipo akatswiri ajambula nayo zithunzi zogometsa m'zipululu ndi m'mabwalo otentha a dziko lonse lapansi. A Canon eni akewo malenzi ao aafupi a akatswiri, amene ojambula maukwati ndi nkhani amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, amawapanga akuda, chizindikiro chake n'kukhala kamzere kofiira kozungulira kukamwa kwake. Kumbali ina, a Minolta adatsata njira yoyeretsa malenzi aatali, ndipo a Sony, amene adatenga ntchito ya makamera ya Konica Minolta m'chaka cha 2006, adapitiriza mwambowo kufikira lero. Chotero mtundu woyererawo uthandiza, koma si chipata chokhacho cholowera ku chithunzi chabwino. Ndipo n'zosabisika kuti amalonda, ataona kuti mzere wa mipope yoyerera m'mbali mwa bwalo uonekera patali ndipo ulalikira dzina lao popanda malipiro, adaukonda mtunduwo pa chifukwa chinanso choposa cha dzuwa. Sindiwadzudzula pa ichi, pakuti wamalonda aliyense amayala katundu wake poonekera. Amene ndifuna kulankhula nawo ndife ogula ndi olemba ntchito.

Chaka china ndidakhala nawo m'komiti yokonza ukwati wa mwana wa mlongo wanga, ndipo pamene tidafika pa nkhani ya wojambula, padabwera anthu awiri. Woyamba adali bambo wachikulire, wofatsa, atanyamula kachikwama kakale momwe mudali kamera yokhala ndi lenzi yaifupi yakuda, ndi buku la zithunzi zimene adajambula pa maukwati ena. Wachiwiri adali mnyamata waulemu ndithu, amene adalowa atakolekera pakhosi mpope wautali woyerera. Ndidaona maso a komiti yonse akutsata mpope uja monga nkhuku zitsata lichero, ndipo mkulu wina, asanatsegule n'komwe buku la bambo aja, adati: “Abale anga, tisataye nthawi; katundu wa achimwenewa akudzichitira yekha umboni.” Tidamlemba mnyamatayo. Tsiku la ukwati, m'tchalitchi chaching'ono chodzaza anthu, lenzi yopangidwira kujambula wosewera mpira ali kutsidya la bwalo idasowa pobwerera. Zithunzi zidatuluka za nkhope zokhazokha, ndipo agogo a mkwatibwi, amene adayenda ulendo wa tsiku lathunthu kuti adzaone mdzukulu wao akuvekedwa mphete, sadaonekemo pamodzi naye ngakhale m'chithunzi chimodzi. Agogowo adatisiya chaka chotsatira. Mnyamata uja sindimuimba mlandu waukulu, pakuti adatipatsa chimene maso athu adapempha. Mlandu udali wathu, amene tidaiwala kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere, ndiponso kuti ngakhale mneneri Samueli, atatumidwa kunyumba ya Jese, adatsala pang'ono kudzoza mwana wolakwika chifukwa cha msinkhu ndi maonekedwe.

Ndipo ngati pali wina wokayikabe, apite ku Liwonde kapena ku chigwa cha Luangwa nthawi imene alendo ojambula mbalame ndi nyama amabwera, akaone chimene odziwa ntchito amachita ndi kuyera kumene ife timakusirira. Ambiri a iwo, atagula lenzi ya mtengo woposa wa galimoto, amaiveka chikuto cha mphira yofewa cha mawangamawanga onga masamba ndi udzu wouma, kuti isaonekere kwa nyama ndi kuti isakandike pa zitsulo za galimoto. Iwo adziwa kuti ulemu wao uli m'chithunzi cha nkhwazi ikutsomphola nsomba pa Shire, chimene adzachinyamule kupita nacho kwao, ndipo mpope ungobisika osadandaula.

Kwa achinyamata amene mwalowa ntchito yojambula, amene tsopano mwachuluka m'mizinda yathu ndipo ambiri mwa inu muli ndi luso lenileni, ndinena mwachikondi: musalowe m'ngongole ya katapila chifukwa cha utoto. Ngati ntchito yanu ndi ya pabwalo la mpira kapena kutchire, kumene chojambulidwa chili patali ndipo dzuwa silichita chifundo, lenzi yaitali yoyerera idzakutumikirani mokhulupirika, pakuti idabadwira zomwezo. Koma ngati mkate wanu uchokera m'matchalitchi, m'zinkhoswe ndi m'misonkhano, funani chida choyenera malo amenewo, ndipo nthawi imene mukadataya posirira cha mnzanu muithere pophunzira kumene kuwala kukuchokera, pamene muyenera kuima, ndi kamphindi kamene mayi wa mkwati adzapukute msozi ndi nsonga ya chitenje. Zimenezi sizigulidwa m'sitolo ya ku Tokyo kapena ku Johannesburg. Zimabwera ndi kudekha.

Kwa ife tonse amene tidzakhalenso m'makomiti a maukwati, a mipingo ndi a mabungwe, pempho langa ndi limodzi. Wojambula akadzafika pakhomo, timlandire ndi manja awiri, timpatse mpando ndi madzi akumwa, chikwama chake cha zida chikhale pansi chotseka. Ndipo tisanalankhule za mtengo, tipemphe buku la zithunzi zake, tilitsegule tsamba ndi tsamba mosafulumira, tione ngati m'menemo agogo ndi mdzukulu wao aimirira pamodzi.