Nyali ya Mumgodi Siyenera Khola la Nkhuku

Alimi a nkhuku ku Bindura, tauni ya migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca m'dziko la Zimbabwe, ayenera kuyesa nyali za LED asanazipachike m'khola. Nyali yovala pamutu imene anthu amalowa nayo mumgodi njowala ndithu, koma galasi lake limasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi. Nkhuku zoikira mazira zimafuna kuwala kofika khola lonse, kwa maola 14 mpaka 16 patsiku.

Kuyesako sikulira ndalama. Mlimi apachike nyaliyo usiku, agwade pamene pali zodyeramo, aone ngati angathe kuwerenga nyuzipepala m'ngodya zonse. Aonenso mtundu wa kuwalako. LED yoyera kwenikweni ndi yabuluu, yokutidwa ndi mankhwala achikasu. Yoyenera m'khola ndi ija yowala mofiirira, pakuti kuwala kofiira ndiko kumalowa bwino m'chigaza cha nkhuku nkuilimbikitsa kuikira.

Choopsa chili pa anapiye. Babu lakale linkawala ndi kufunditsa pamodzi, pamene LED kutentha kwake nkochepa zedi. Mlimi wosintha babu m'chisanu cha Juni, osaikamo mbaula, angathe kudzatola anapiye akufa m'mawa.