Paulendo: Akatiitanira Kukalawa Vinyo ku Lichinga

Ambiri a ife masiku ano timayenda maulendo a kutsidya kwa malire, ena pa malonda, ena pa ntchito, ena kukaona abale. Amene amadzera ku Mangochi n'kudutsa pa Chiponde ndi Mandimba amafika ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, atayenda makilomita pafupifupi 150 kuchokera pamalire. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,300, choncho madzulo kumazizira ngati ku Dedza. Pa nthawi ya atsamunda unkatchedwa Vila Cabral. Apwitikizi anatula ulamuliro mu 1975, koma anasiya chinenero chawo, buledi wawo, ndi mwambo woika vinyo patebulo. Mwambo wotsirizawu ndi umene umatipeza tisanakonzeke.

Munthu angathe kuswera kumsika wa ku Chiuaula akunenerera mtengo wa nyemba ndi mbatata ya kachewere, madzulo mnzake wa pamalonda n'kumuitanira ku chakudya chaulemu. Mwa zakudya zotere, chilipo china chimene azungu amachikonza mwapadera kuti alendo alawe vinyo. Chakudya chimabwera pang'onopang'ono, mbale iliyonse ndi vinyo wake: woyera pa nsomba, wofiira pa nyama. Mwini nyumba amathira pang'ono m'tambula, alendo n'kuyang'ana mtundu wake, kumuzunguza, kumununkhiza, kenako kulawa. Akatero aliyense amafunsidwa chimene wamva. Apa ndipo pagona vuto. Pa phwando la ukwati wosamwa amakhala phee ndi botolo lake la Fanta, palibe womufunsa. Pa chakudya ichi funso limazungulira tebulo lonse, ndipo limafika ndithu pa ife.

Liwu loti kulawa likhoza kutinyenga. Akatswiri olawa vinyo amalavula akalawa, koma pa chakudya anthu ambiri amameza. Tinene kuti atithirira mamililita 50 kasanu. Tamwa mamililita 250, gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo lathunthu. Ndipo mphamvu za vinyo n'zosiyana. Amene amamutcha vinho verde, wochokera kumpoto kwa Portugal, ndi wopepuka, ukali wake umakhala cha pa maperesenti 10. Vinyo wa Porto, wa mphesa za m'chigwa cha Douro, amamuonjezera mowa wotcheza, ndipo ukali wake umafika pa maperesenti 20. Iyeyu ndi wotsekemera, ndipo amabwera kumapeto, munthu atakhuta ndi kutayirira. Amene sanazolowere sadziwa kusiyanaku kufikira ataimirira.

Tikudziwa kuti mipingo siphunzitsa zofanana pa nkhani iyi. Abale athu a Anglican, amene mishoni yawo ya ku Messumba, m'mbali mwa nyanja, ndi yakale kwambiri, amagwiritsa ntchito vinyo pa Mgonero wa Ambuye. Mipingo yathu yambiri imaphunzitsa kupewa zoledzeretsa zonse, ndipo ina inatsata njira ya Thomas Welch, Mmethodisti wa ku America amene mu 1869 anakonza madzi a mphesa osasasa kuti azigwiritsidwa ntchito pa Mgonero. Mkangano umenewu sitiuthetsa patsamba lino. Chimene chikutikhudza ndi mkhristu amene kwawo samwa, koma amamwa kwa eni chifukwa cha manyazi, poopa kuoneka wachimidzi kapena kutaya malonda. Ameneyo akabwerera amakhala ndi chinsinsi chimene sangauze mkazi wake kapena mkulu wa mpingo.

Kukana nako kuli ndi njira yoipa. Ena amadikira mpaka vinyo atathiridwa, n'kukankha tambula nkhope ili gwaa, mwinanso kuyamba ulaliki. Mwini nyumba amene wagula botolo lodula lochokera ku Portugal kapena ku South Africa kuti alemekeze mlendo amachita manyazi pamaso pa anzake. Ena amanama kuti akumwa mankhwala. Ife tikuona kuti bodzalo ndi lolemera kuposa dontho limene akulithawa.

Danieli, ali mlendo ku Babulo, anakumana ndi vinyo wa mfumu. Sanadikire kuti afike patebulo. Analankhula ndi woyang'anira zinthu zisanachitike, mwaulemu, ndipo anapempha kuti amuyese kwa masiku khumi. Nafenso tinene pamene tikulandira uthenga wotiitana, kuti tibwera mokondwa koma sitimwa. Ku Niassa zimenezi sizidabwitsa munthu, pakuti Ayao ambiri ndi Asilamu, ndipo eni nyumba anazolowera kulandira alendo osamwa. Adzatikonzera madzi kapena chakumwa cha zipatso.

Tikafika, tisakhale ngati mlonda wa pakhomo. Funso likatipeza, tikhoza kuyamikira nsomba, kufunsa kumene mphesazo zinalimidwa, kapena kufotokoza za thobwa wa kwathu ndi mmene chimera chimamukometsera. Amene Chipwitikizi chimawavuta aloweze mawu ochepa awa: abambo anene kuti “Não bebo, obrigado,” amayi anene kuti “Não bebo, obrigada.” Tanthauzo lake ndi lakuti, sindimwa, zikomo. Ndipo ngati amene akutiyendetsa pa galimoto walawa nawo, tisanyamuke usiku umenewo. Msewu wa ku Mandimba tiuyambe m'mawa.